Rupiya ya Agogo ndi Mafupa a M'zigwembe: Chanu N'chiti, cha Dziko N'chiti ku Karonga?

Tsiku lina ndili pa depoti ya Karonga kudikira kuti minibasi ya ku Songwe idzaze, bambo wina wachikulire amene tidakhala naye pa benchi adandikodola, n'kutulutsa kansalu m'thumba la jekete. Adamasula mfundo yake pang'onopang'ono, maso akuponya uku ndi uku. M'kansalumo munali ndalama imodzi yachitsulo, yoderako m'mphepete, yolemera kuposa mmene maso ankaiyesera. Mbali imodzi inali ndi nkhope ya mzungu wa ndevu zopindikira m'mwamba, atavala chisoti chokhala ndi mbalame pamwamba pake. Mbali inayo padalembedwa kuti Deutsch Ostafrika. Inali rupiya ya Majeremani, ndalama yasiliva imene inkayenda kutsidya kwa Songwe pa nthawi imene dziko limene lero ndi Tanzania linali m'manja mwawo.

"Iyi adandisiyira ndi agogo anga," adatero m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. "Ndiye kwabwera mnyamata wina, akuti ali ndi bwana wake kunja amene akuzifuna zimenezi. Akutinso ngati ndikudziwa kumene kuli mafupa aja a m'zigwembe ndimulondolere, andipatsa kangachepe. Nanga achimwene, inu owerenga nyuzi, ndikagulitsa andimanga?"

Funso la bambowa lili ndi nkhani ziwiri zimene lamulo limazisiyanitsa kwambiri. Pali chinthu chimene chakhala chikuyenda m'manja mwa banja, kuchokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu. Palinso chinthu chimene chagona m'nthaka kapena pansi pa madzi, chimene mvula yachifukula kapena khasu lachigunda. Anthu ambiri amaika zonsezi m'thumba limodzi la "zinthu zakale", ndipo apa ndi pamene ogula a m'njira amapezerapo mpata.

Tiyambe ndi za m'nthaka, chifukwa m'Malawi muno mulibe boma limene nthaka yake yatchuka nazo ngati Karonga. M'chaka cha 1928 katswiri wina, Sidney Haughton, adalemba za mafupa a chinyama chachikulu opezeka kuno. Patapita zaka zambiri, gulu la Louis Jacobs lidafukula mafupa ena ku Mwakasyunguti, ndipo mu 1993 chinyamacho chidapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Chidakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mmodzi mwa amene adagwira ntchitoyi anali mayi wa Chimalawi, Elizabeth Gomani, amenenso mu 2005 adatcha chinyama china dzina loti Karongasaurus. Mu 1991, ku Uraha kufupi ndi Chilumba, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imene akatswiri amaitcha UR 501. Mu 1996 ku Malema kudapezeka chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina wa anthu akalewo. Pa mudzi wa Mwanganda, J. Desmond Clark adafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zipangizo zamiyala m'zaka za m'ma 1960. Pa phiri la Mbande, pamene padali likulu la a Kyungu akale, Keith Robinson adapezapo mikanda yagalasi ndi mapale a mbale zochokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, umboni woti Angonde ankachita malonda ndi anthu akutali azungu asanabwere. Onjezanipo malinga a Mlozi ku Mpata, amene adagwa mu December 1895, ndi nkhondo ya Angerezi ndi Majeremani imene idamenyedwa pa Karonga pa 9 September 1914. Mlimi wa chinangwa kapena wa mpunga kuno akhoza kugunda chilichonse mwa zimenezi ndi khasu lake.

Lamulo limene limayang'anira zonsezi ndi la mu 1990 loteteza malo ndi zinthu zakale, limene pa Chingerezi limatchedwa Monuments and Relics Act. Mawu ake akuluakulu ndi osavuta kumva. Zinthu zakale zimene zili pamwamba pa nthaka, pansi pa nthaka, mumtsinje kapena m'nyanja ndi za boma, kupatula zimene mwiniwake wasonyeza umboni woti n'zake kapena adazilembetsa. Ndipo mawu akuti zinthu zakale akuphatikiza mafupa osanduka miyala, zipangizo, zokongoletsera ndi china chilichonse chofunika pa mbiri ya anthu kapena pa sayansi. Munda ukhoza kukhala wanu, wa makolo anu, a nyakwawa n'kuchitira umboni, koma fupa la chinyama chamakedzana limene lili m'mundamo si lanu. Mawu aja timakonda akuti "ndatola, sindinabe" pa nkhani iyi sagwira ntchito.

Lamulo lomweli likuti amene wapeza chinthu chotere adziwitse boma msanga. Likuletsa kufukula popanda chilolezo, kuchita malonda a zinthu zakale popanda chiphaso, komanso kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Wophwanya zimenezi amayankha mlandu kukhoti, ndipo chilango chake chikhoza kukhala chindapusa kapena ndende. Choncho mnyamata amene akufuna kuti mumulondolere ku chigwembe akukuitanirani ku mlandu umene iye akudziwa bwino kuti ulipo, ndipo tsiku lakugwidwa iye adzakhala atawoloka kale Songwe, inu muli pakhomo.

Ena amati lamuloli n'lankhanza. Munthu wosauka wapeza mwayi m'munda mwake, boma limene silinamuthandize kulima likuti ndi zathu. Dandaulo limeneli ndimalimva ndipo ndibwererako. Koma ndikhulupirira kuti pa mfundo yaikulu lamuloli lidalondola, ndipo chifukwa chake chimaoneka bwino mukaona mmene akatswiri amadziwira zaka za chinthu.

Nsagwada ya ku Uraha ija, ikadangofika pa tebulo la munthu ku Frankfurt itakulungidwa m'nyuzi, popanda wodziwa kumene yachokera, ikadakhala fupa chabe. Chimene chidaipatsa tanthauzo ndi malo amene idagona. Nthaka ya ku Uraha ndi ku Malema idasanjikana m'magawo, gawo lina pamwamba pa linzake, ndipo m'gawo lililonse muli mafupa a nyama za nthawi imeneyo. Akatswiri adayerekeza mano a nguluwe zamakedzana opezeka m'gawo limodzi ndi nsagwadayo ndi mano a nguluwe za ku Ethiopia ndi ku Kenya, kumene zaka zake zidadziwika kale, ndipo ndi mmene adadziwira msinkhu wake. Chaka chotsatira adabwerera pamalo omwewo n'kusefa dothi lambirimbiri mpaka adapeza kachidutswa ka dzino kamene kankasowa. Akadapanda kudziwa pamene nsagwadayo idatoledwa, kachidutswako sikakadapezeka. N'chimodzimodzi ndi phale la mphika. Likakhala pamalo pake, pafupi ndi makala a moto umene udaphikira mphikawo, makalawo amayezedwa n'kutiuza zaka. Mukalichotsa n'kuliika m'thumba, mwatenga phale koma nkhani yake mwaisiya itafafanizika, ndipo palibe amene angaibwezeretse.

Nanga mukapeza chinthu muchite chiyani? Choyamba, chisiyeni pomwepo. Musachizule, musachitsuke, musachigogode ndi mwala kuti muone ngati n'cholimba, chifukwa mafupa amenewa amaoneka ngati mwala koma amayoyoka. Ngati muli ndi foni, chijambuleni mutaika bokosi la machesi kapena cholembera pambali kuti kukula kwake kudziwike, ndipo mujambulenso malo onse mutaima patali pang'ono kuti mtengo, chulu kapena mtsinje umene uli pafupi uoneke. Ngati mvula ili pafupi kapena ng'ombe zimadutsa pamenepo, phimbani ndi masamba kapena dothi lochepa. Kenaka uzani a nyakwawa, n'kukanena ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pa boma la Karonga, ku ofesi ya a DC kapena kupolisi. Nthambi ya boma imene ili ndi udindo pa zimenezi ndi yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi malo a mbiri, ndipo maofesi enawa amadziwa kofikitsa uthenga.

Apa ndikuchondererani kuti musangonena pakamwa. Lembani kalata, ngakhale ya mizere isanu papepala la m'kope: dzina lanu, mudzi, tsiku, chimene mwaona ndi pamene chili. Lembani ziwiri, ina asunge iwo, ina aidinde kapena aisayine musunge inu. Ngati wina wabwera kudzatenga chinthucho, mufunseni chitupa cha kuntchito kwake ndipo akulembereni kuti watenga chiyani, liti, ndipo akupita nacho kuti. Kapepala kameneko ndi kamene kadzakuikireni kumbuyo wina akadzati mudagulitsa, ndiponso ndi kamene kadzachititse kuti dzina lanu lisasowe m'mbiri ya chinthucho.

Muli ndi ufulu wofunsanso alendo. Galimoto ikaima m'mudzi, anthu n'kutsika ndi mafosholo ndi masefa, kaya ndi azungu kaya ndi Amalawi, si mwano kuwafunsa kuti, "Chilolezo chanu chili kuti, ndipo wa boma amene mwabwera naye ndi uti?" Ofufuza enieni sakwiya ndi funso limeneli. Amayamba aonekera kwa amfumu, amayenda ndi anthu a boma, amagwira ntchito masana, ndipo nthawi zambiri amalemba ganyu anthu a m'mudzi momwemo. Wobwera madzulo, wokana kupita kwa amfumu, wokuuzani kuti musauze munthu, ameneyo wadziulula yekha. Ndipo ngati akulozera ku manda, dziwani kuti kusokoneza manda ndi mlandu wina pawokha m'malamulo a dziko lino, kuwonjezera pa zimene mwambo umanena.

Tsopano tione kumene zinthuzi zimapita zikatuluka, chifukwa mphekesera za mamiliyoni zili ndi pochokera. Ife tikamva mawu akuti okushoni timaganiza za fodya ku Kanengo kapena ku Mzuzu, koma ku London, ku Paris ndi ku New York kuli nyumba zikuluzikulu zimene zimagulitsa pa okushoni ziwiya zasiliva, zidole zadothi lowotcha, ndalama zakale, zosema ndi mafupa. Mu October 2020 kampani ya Christie's idagulitsa mafupa a chinyama chotchedwa Tyrannosaurus rex pa madola 31.8 miliyoni. Mu July 2024 kampani ya Sotheby's idagulitsa a china, Stegosaurus, pa madola 44.6 miliyoni. Nkhani zotere zimayenda pa WhatsApp mpaka kufika ku Uliwa ndi ku Kaporo. Chimene sichiyenda nawo n'chakuti mafupa a zinyama ziwiri zonsezi adafukulidwa ku America, kumene lamulo limapereka mafupa opezeka pa malo a munthu kwa mwini malowo. Lamulo lathu silitero.

Dziko limene lamulo lake likufanana ndi lathu ndi Mongolia. Mu May 2012 mafupa a chinyama chotchedwa Tarbosaurus adagulitsidwa pa okushoni ku New York pa mtengo wopitirira madola 1 miliyoni. Boma la Mongolia lidati mafupawo adatuluka m'dziko mwawo mozemba, akhoti a ku America adawalanda, mu 2013 adabwezedwa kwawo, ndipo amene adawabweretsa adalowa m'ndende. Zimenezi zidatheka chifukwa Mongolia inali ndi lamulo lomveka loti mafupa otere ndi a dziko, ndiponso panali akatswiri amene adatha kusonyeza kumene adachokera. Lamulo lathu la mu 1990 likutipatsa mphamvu yonga imeneyo. Palinso pangano la UNESCO la mu 1970 loletsa kuzembetsa zinthu za chikhalidwe, ndipo ku Britain kuli lamulo la mu 2003 limene limati n'kulakwa kuchita malonda ndi chinthu chimene munthu akudziwa kuti chidafukulidwa mophwanya malamulo a kwawo.

N'chifukwa chake nyumba za okushoni zodzilemekeza zimayamba zafunsa mbiri ya chinthu: chidachoka kuti, chidatuluka liti, ndi chilolezo cha yani, chadutsa m'manja mwa yani. Chinthu chopanda mapepala sichifika pa matebulo amenewo. Chimathera kwa ogula a mumdima, amene amapereka zochepa chifukwa akudziwa kuti wogulitsa alibe kokadandaula. Ngakhale pa malonda olongosoka, pa mtengo umene mumamva pamakhala gawo la nyumba ya okushoni, gawo la onyamula, la inshuwalansi ndi la akatswiri okonza. Munthu wa kumudzi amene adaloza chigwembe amakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere, ndipo chimene amalandira chimakhala chochepa kwambiri.

Chikatuluka, kubwerera n'kovuta. Anzathu a ku Zambia akudziwa. Chigaza cha munthu wamakedzana chidapezeka mumgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1921. Chidatumizidwa ku London, ndipo ngakhale boma la Zambia lakhala likuchipempha kwa zaka makumi angapo, chikadali komweko. Mafupa amene Majeremani adafukula ku Tendaguru ku Tanzania pakati pa 1909 ndi 1913 aimikidwa ku Berlin, ndipo mwana wa ku Lindi wofuna kuwaona ayenera kupeza visa. Pangano la mu 1970 silibwerera m'mbuyo kukatenga zimene zidapita kale. Mwana wa ku Karonga ali ndi mwayi umene anzakewa alibe: amangoyenda wapansi kapena kukwera kabaza, n'kukaima pansi pa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ija, imene idatsegulidwa mu November 2004. Ndidaonapo ana a sukulu akulowa m'menemo akusokosa, n'kungoti zii ataona khosi lija litatalika mpaka kudenga, wina n'kunong'oneza mnzake kuti, "Chimenechi chinali cha kwathu konkuno?"

Tibwerere ku rupiya ya bambo aja, chifukwa mbali iyi ndi imene anthu ambiri sauzidwa. Si chinthu chakale chilichonse chimene ndi cha boma. Gawo 28 la malamulo oyendetsera dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo palibe amene angamulande mwachisawawa. Gawo 44 likuti boma likafuna kutenga katundu wa munthu, zikhale pofuna kuthandiza anthu onse, mwiniwake adziwitsidwe bwino, alipidwe moyenera, ndipo akhale ndi mwayi wokadandaula kukhoti. Choncho ndalama imene agogo adakusiyirani, simbi yamakala, wotchi yapakhoma, supuni zimene agogo aakazi adapatsidwa pa mishoni, mkondo kapena mpando wa m'banja, palibe wapolisi kapena wa ofesi amene angangobwera n'kunyamula chifukwa choti n'zakale.

Koma umwini umafuna umboni, ndipo umboni umakonzedwa zinthu zisanavute. Jambulani chinthucho. Lembani m'kope kuti chidachokera kwa yani, iye adachipeza bwanji, ndipo akuluakulu a m'banja amene akudziwa nkhaniyo asayinepo akadali moyo. Ngati mukuona kuti chili ndi mbiri yoposa ya banja lanu, monga chida cha pa nkhondo ya Mlozi kapena kalata ya m'masiku a African Lakes Company, pitani nacho ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kuti achione ndipo mufunse za kuchilembetsa. Kulembetsa kumalimbitsa umwini wanu. Ndipo musanagulitse kwa munthu amene akuti apita nacho kunja, funsani kaye ku ofesi yomweyo, chifukwa chinthu chikhoza kukhala chanu koma kuchidutsitsa pa chipata cha Songwe n'kufunabe chilolezo.

Kumbukiraninso abale. Chinthu chosiyidwa ndi malemu ndi gawo la chuma cha masiye, ndipo lamulo la mu 2011 loona za chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Amene wasunga bokosi la agogo si ndiye mwini zonse zili m'menemo. Za ufumu ndiye n'zoposa pamenepo. Mpando, ndodo, ng'oma kapena mkondo wa ufumu amene ali pampando amangosungira mtundu, ndipo mdzukulu amene wazitulutsa usiku kukagulitsa waba za anthu ambiri, ena a iwo sanabadwe.

Za mtengo wake, ndinene mosabisa. Rupiya ya Majeremani ndi siliva weniweni, yolemera magalamu pafupifupi 11.7, koma idasulidwa yambirimbiri kuyambira mu 1890, ndipo ogulitsa ndalama zakale ku Ulaya ali nazo zodzaza m'madilowa. Nkhani zoti rupiya imakoka mpunga, imaimitsa wotchi, kapena kuti m'simbi yakale muli mankhwala ogulidwa mamiliyoni, ndi msampha. Kachitidwe kake n'kamodzi: wina amabwera kudzati akufuna chinthucho pa mtengo waukulu, mnzake n'kutulukira akuti ali nacho kapena ali ndi makina oyezera, ndipo inu mumagulitsa ng'ombe kuti mulipire choyezera kapena mugule chinthucho. Mukatembenuka onse awiri asowa. Wogula weniweni sakupemphani ndalama. Zoterezi zikakuchitikirani kanenani kupolisi, chifukwa kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo manyazi anu ndi amene amawapatsa mpata wokanamiza wina.

Kwa amene amakonda kugula zinthu zakale pa okushoni za katundu wa m'nyumba ku Lilongwe kapena ku Blantyre, pali zizindikiro zothandiza. Chiwiya cha siliva weniweni cha ku England chimakhala ndi tizidindo tating'ono, kena kosonyeza mkango ukuyenda, ndipo zina zimalembedwa 925. Mukaona zilembo EPNS, dziwani kuti n'chitsulo china chongokutidwa ndi siliva pamwamba. Zidole ndi mbale zadothi lowotcha zimakhala ndi chizindikiro cha fakitale kunsi kwake, koma zizindikiro zimakopedwanso, choncho musalipire zambiri chifukwa cha chidindo chokha. Sungani lisiti, ndipo funsani wogulitsa kumene chinthucho chidachokera. Akakuuzani kuti chidafukulidwa, kaya ku Karonga, ku Mangochi kapena kwina, bwezani ndalama m'thumba. Wogula amakhudzidwa ndi mlandu monga wogulitsa.

Pa mnyanga wa njovu pokha musayese n'komwe. Khoza la agogo kapena kachosema ka mnyanga, ngakhale kakhale kakale bwanji, kamagwa pansi pa lamulo la nyama zakutchire, limene lidakhwimitsidwa mu 2017 kufika pa zaka 30 za ndende pa milandu ikuluikulu. Ngati muli nako m'nyumba, kafunseni kwa a nthambi yoona za nyama zakutchire za chiphaso cha umwini, ndipo musakatenge pa ulendo kapena kukatsatsa.

Pali gawo lina la lamulo la mu 1990 limene anthu a ku Karonga ayenera kulidziwa pamtima, chifukwa boma lino lili ndi migodi ya malasha, mgodi wa Kayelekera, misewu ndi masikimu a mpunga. Gawo 29 likuti aliyense amene akutsogolera ntchito yofufuza miyala, yokumba kapena yomanga adziwitse nduna ntchitoyo ikadali pa mapulani, kuti ngati pakufunika, akatswiri apulumutse zinthu zakale makina asanafike. Ndalama za ntchito yopulumutsayo amalipira mwini ntchito, pokhapokha nduna italamula mwina. Katapila mmodzi amawononga pa ola limodzi zimene anthu otola ndi manja sangathe pa chaka. Choncho pa misonkhano ija imene makampani amaitanitsa ntchito isanayambe, pamene timafunsa za chipukutamisozi cha minda ndi za ntchito za ana athu, wina aimirire afunsenso kuti, "Kodi a zinthu zakale adabwera kudzayendera malo ano? Nanga mukagunda manda kapena mafupa, ntchito idzaima?" Ngati ndinu woyendetsa makina kapena wa ganyu ndipo mwaona mapale ambiri, mafupa kapena ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo, uzani kapitawo, ndipo akanyalanyaza kanenani nokha. Udindo wodziwitsa boma uli pa amene waona.

Ndidalonjeza kubwerera ku dandaulo lija. Lamulo limene limauza mlimi kuti asiye chimene wapeza, ayende mtunda pa ndalama zake kukanena, liyenera kukhala ndi boma limene limayankha. Munthu akalemba kalata n'kudikira miyezi osaona aliyense, mvula n'kukokolola fupalo, ulendo wina sadzanenanso, ndipo sindingamudzudzule kwambiri. Maganizo anga ndi akuti wopeza chinthu azithokozedwa poyera, dzina lake ndi la mudzi wake lizilembedwa pambali pa chinthucho, ofufuza akamaliza azibwerera kudzafotokoza zimene apeza m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, ndipo lamulolo limasuliridwe m'zilankhulo zimene anthu amalankhula pamudzi. Wailesi ya Radio Dinosaur ili pomwepo pa Karonga, ndipo ingathe kufikitsa zimenezi kwa anthu amene sadzaona buku la malamulo.

Pofuna zimenezi simukupempha chifundo. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko likupatsa aliyense ufulu wotenga nawo mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Gawo 43 likuti ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu wanu, muyenera kupatsidwa zifukwa zake molemba. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, likukulolani kufunsa kuti chinthu chimene chidatengedwa m'mudzi mwanu chili kuti lero, kaya chidabwerekedwa kunja, ndipo chibwerera liti. Ofesi ikakuchitirani zosalungama, kuli Ombudsman. Mukamangidwa pa nkhani yotere, muli ndi ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumamva, wokhala chete, woonana ndi loya, ndi wofikitsidwa kukhoti pasanathe maola 48, ndipo a Legal Aid Bureau alipo kuthandiza amene sangathe kulipira loya.

Bambo aja ndidawauza zochepa mwa izi, poti kondakitala anali atayamba kale kumenya chitseko. Ndidati rupiyayo ndi yawo, aisunge, alembe nkhani ya agogo awo ana aidziwe, ndipo akafuna kuigulitsa ayambe afunsa ku nyumba ya zinthu zakale, imene kuchokera pa depotipo si patali. Za mafupa ndidati mnyamatayo asamulondolere, koma akauze amfumu kuti m'mudzi mwabwera munthu wotere. Adagwedeza mutu, n'kuitembenuza ndalamayo kawiri m'dzanja.

"Agogowo ankanyamula katundu pa nkhondo ya Majeremani," adatero. "Ankati adachoka anthu ambiri m'mudzi mwathu, obwerera anali owerengeka."

Adamanganso mfundo ya kansalu kaja, n'kukabwezera m'thumba la mkati, ndipo tidakwera.